Makakyuleta awiri a TI akukana kutumizirana zinthu popanda chingwe, ndithandizeni

Wamawaya: Moni nonse. Ndili ndi makakyuleta awiri ojambula magirafu a kampani ya Texas Instruments (TI), TI-83 Plus ndi TI-84 Plus, ndipo ndatha milungu itatu ndikulimbana nawo kuti azitumizirana mapulogalamu popanda kachingwe kawo kaja. Chingwecho ndinachidula pakati, n'kupezamo mawaya atatu: wofiira, woyera, ndi wina wosakutidwa. Ndili ndi timawailesi ta 433 MHz, tija timabwera tiwiritiwiri, kotumiza ndi kolandira. Ndinaganiza kuti waya wofiira ndi wotumiza ndipo woyera ndi wolandira, ndiye ndinalumikiza choncho mbali zonse. Ndikasindikiza Transmit, uyu amangoti Error in Xmit, winayo amangokhala pa Waiting mpaka kalekale. Ndasinthanitsa mawaya, ndaika mabatire atsopano, palibe chasintha. Kodi ndikulakwitsa pati?

MkuluZ80: Achimwene, choyamba chotsani timawailesito pa kakyuleta musanaiyatsenso. Ndifotokoza chifukwa chake.

Vuto silili pa kawotchereredwe kanu. Pa chingwe cha TI palibe waya wotumiza ndi waya wolandira. Mawaya awiriwo, wofiira ndi woyera, amagwira ntchito zonse ziwiri, ndipo makakyuleta onse amawagwira nthawi imodzi. Zinthu zikakhala phee, mawaya onse amakhala ndi magetsi, ali m'mwamba. Palibe kakyuleta imene imakankhira magetsi mu waya, iliyonse imangotha kumukokera pansi kapena kumusiya. Wotumiza akafuna kunena 0 amakokera pansi waya wofiira, wa kunsonga kwa pulagi. Akafuna kunena 1 amakokera woyera, wa kamkombero ka pakati. Wolandira akaona zimenezo amakokera pansi waya wotsalawo, kutanthauza kuti ndamva. Wotumiza ndiye amasiya wake, wolandira nayenso n'kusiya wake. Apo biti imodzi yadutsa. Imodzi yokha! Baiti iliyonse amachita zimenezi kasanu n'katatu, kuyambira biti yaing'ono.

Zili ngati anthu awiri opatsirana njerwa pomanga: wina sataya dzanja asanamve kuti mnzake wagwira. Kawailesi kanu kotumiza kamangoponya njerwa, kulibe woti anene kuti ndagwira. Kakyuleta imadikira pafupifupi masekondi 2, ikaona kuti zii, imalemba Error in Xmit.

Chimene ndati muchotsere n'chakuti kolandira ka 433 MHz kamakankha magetsi pa phini yake yotulutsira. Kakyuleta ikamakokera waya pansi kawailesi kakukankha, ziwirizo zikulimbana, ndipo chimene chingapse ndi cha m'kati mwa kakyuleta.

Wamawaya: Ndachotsa, akulu. Zikomo kwambiri, zimenezi sindikanazitulukira ndekha. Ndiye ndikaika mawailesi anayi mbali iliyonse, waya aliyense akhale ndi kotumiza ndi kolandira kake, sizingatheke?

Kapasita: Ayi achimwene, musataye nthawi pamenepo. Tonseto tili pa 433 MHz imodzimodziyo, tizingosokonezana. Komanso tengani mita muyeze phini ya kolandira pamene palibe amene akutumiza. Muona kuti sikakhala chete. Kakasowa chomva kamadzikwezera makutu mpaka kuyamba kutola phokoso la mumlengalenga, n'kumalitulutsa ngati ma 0 ndi ma 1. Kakyuleta ingatenge phokosolo ngati uthenga. N'chifukwa chake amene amagwiritsa ntchito timawailesi timeneti amaika Arduino, kabolodi kokhala ndi kakompyuta kakang'ono, pakati, ndi laibulale monga RadioHead, imene imayamba yatumiza kamzere kodzutsira kolandira isananene zenizeni.

Nyenyezi84: Ine maganizo anga ndi osavuta. Arduino Nano mbali iliyonse, kawailesi ka nRF24L01+ mbali iliyonse. Arduino izingoyang'ana mawaya awiriwo, wina akatsika iuze inzake kuti itsitse womwewo uko. Palibe chifukwa chophunzirira chilankhulo cha TI. Kakyuleta izingoona ngati chingwe chatalika basi.

MkuluZ80: Achemwali, njira imeneyo ndinaiyesapo ndipo siyabodza, koma tiyeni tiwerenge. Biti iliyonse imafuna kuti uthenga uwoloke mlengalenga kanayi: ndatsitsa, ndamva, ndasiya, nanenso ndasiya. Tingoyerekeza kuti kuwoloka kulikonse kukutenga milisekondi imodzi, poti wailesi iyenera kusintha kuchoka pomvetsera kupita potumiza, kenako n'kudikira yankho. Ndiye kuti biti imodzi yadya mamilisekondi 4. Chithunzi chimodzi cha Pic pa TI-83 Plus ndi mabaiti 756, amene ndi mabiti 6,048. Chulukitsani ndi 4, mupeza masekondi 24 pa kachithunzi kamodzi. Pulogalamu yaikuluko mungaidikire mphindi zingapo.

Koma kuchedwako si kumene kumandidetsa nkhawa kwambiri. Vuto lalikulu ndi lakuti Arduino ikakokera waya pansi m'malo mwa kakyuleta yakutali, singathenso kuona ngati kakyuleta yapafupi nayo ikukokera waya yemweyo. Waya watsika, koma watsitsa ndani? Mukasokoneza pamenepa, Arduino ziwirizo zimayamba kubwezerana mawu awo omwe, mawaya onse n'kukakamira pansi.

Chimene chimagwira ntchito n'chakuti Arduino iliyonse idziyese kakyuleta. Iyankhe yokha biti iliyonse pa waya, pompo, isonkhanitse mabaiti, kenako iwatumize pa wailesi ambiri nthawi imodzi. Inzakeyo iwalandire n'kuwapereka kwa kakyuleta yake biti ndi biti. Kugwirana chanza kwa mabiti kuzithera pa waya, mumlengalenga muzidutsa mabaiti.

Nyenyezi84: Za watsitsa ndani zija sindinaziganizire, mwandigwira pamenepo. Komabe sindikuvomera kuti munthu ayenera kudziwa mapaketi onse a TI. Mabaiti angodutsa monga abwerera, Arduino sikufunika kudziwa tanthauzo lake.

MkuluZ80: Pamenepo tagwirizana ndithu. Isamasulire, ndipo isamayankhe m'malo mwa kakyuleta pa nkhani ya mapaketi. Kungoti kudziwa maonekedwe a paketi kumathandiza posaka vuto. Paketi imayamba ndi mabaiti 4: yoyamba imanena mtundu wa makina, yachiwiri ndi lamulo, ziwiri zotsatira ndi kutalika kwa katundu, yaing'ono patsogolo. Ngati pali katundu amabwera pamenepo, kenako mabaiti 2 a checksum, amene ndi kuphatikiza mabaiti onse a katunduyo. Mukamaonera pa kompyuta muziyang'ana 0x56, kutanthauza ndalandira, 0x09 kutanthauza tumiza ndakonzeka, 0x15 katundu weniweni, ndi 0x92 ndamaliza. Mukaona 0x5A ndiye kuti wolandira akudandaula kuti checksum sinagwirizane.

Aphunzitsi_aMasamu: Pepani ndilowerere, ana anga, ngakhale za mawaya sindizidziwa kwenikweni. Ndaphunzitsa masamu zaka zambiri ndipo nkhaniyi ndikuiona mbali ziwiri. Tikayeza zinthu m'kalasi n'kulemba manambala m'ndandanda za L1 ndi L2 za pa kakyuleta, kuti aliyense akhale nawo pamafunika kuzungulira ndi kachingwe kamodzi, desiki ndi desiki, theka la phunziro n'kuthera pomwepo. Chipangizo chotere chingandithandize kwambiri. Koma mtima wanga sukukhazikika ndikaganiza za mayeso. Mwana amene wavutika kuwerenga usiku wonse angapezeke akufanana ndi amene wangolandira mayankho kuchokera kuseri kwa chipinda. Inu amene mukupanga, mwaiganizira imeneyi?

Wamawaya: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka ndipo sindikuipeputsa. Ine cholinga changa ndi masewera a anthu awiri amene ndikulemba, komanso kufuna kumvetsa mmene makinawa amalankhulirana. Chimene ndikupangachi n'kabokosi koonekera, kokhala ndi batire yakeyake ndi chingwe cholendewera pa kakyuleta. Woyang'anira mayeso aliyense angakaone ali patali. Sindikufuna kuchibisa m'kati mwa kakyuleta, ndipo wina akandipempha kuti ndimupangire chobisika ndikana.

Aphunzitsi_aMasamu: Ndamva, mwana wanga. Mukadzafika poti kamodzi kazitumiza kwa ambiri nthawi imodzi mudzandiuze.

MkuluZ80: Amayi, imeneyo ndi ntchito ina yapadera, chifukwa chilankhulo cha TI chinapangidwira awiri okha, wonena ndi woyankha. Kuti ambiri alandire, kabokosi kalikonse kayenera kusunga katundu yense kenako n'kukambirana ndi kakyuleta yake pakokha. N'zotheka, koma achimwenewa ayambe ayendetsa ziwiri.

Fx_Mnyamata: Anzathu a TI mumavutika bwanji! Casio ngati fx-9860G nayo ili ndi bowo la 2.5 mm la mawaya atatu, koma iyo ndi serial wamba: wina wotumiza, wina wolandira, wina wa pansi. Maganizo oyamba a achimwene aja anali olondola, kungoti pa kakyuleta ina. Pa Casio mutha kuyamba ndi mawailesi awiri a HC-12, amene amabwera atatcheredwa kale pa 9600 baud, bola mugwirizanitse liwiro ndi parity mbali zonse.

Kapasita: N'zoona. Ndipo HP 48 inabadwa nazo kale za popanda waya, inkatumiza ndi kuwala kwa infrared pa 2400 baud, kungoti ziwirizo zinkayenera kuyang'anana pafupi kwambiri. Komano tibwerere kwa achimwene, iwo ali ndi TI m'manja.

A Wamawaya, musanalembe mzere uliwonse, zinthu ziwiri. Yezani magetsi a waya wofiira ndi woyera pa kakyuleta iliyonse, chifukwa zakale zina zimakhala cha m'ma 5 V pomwe zatsopanoko zimakhala cha m'ma 3.3 V. Nano imayendera 5 V ndiye zonse imaziwerenga bwino. Wina akakuuzani kuti tengani bolodi ya ESP32 chifukwa njira yake yotumizira popanda waya, ESP-NOW, imanyamula mabaiti 250 pa paketi, n'zoona ndipo ndi yabwino, koma maphini ake ndi a 3.3 V, sapirira 5 V. Chachiwiri, mu pulogalamu yanu musalembe HIGH pa maphini a kakyuleta ngakhale kamodzi. Kukokera pansi ndi OUTPUT yokhala LOW. Kusiya ndi kubwezera phini pa INPUT. Kakyuleta imadzikwezera yokha waya.

Nyenyezi84: Ndiwonjezere kuti mbali ya waya simukuyenera kuiyamba pa zero. Christopher Mitchell wa ku Cemetech analemba laibulale ya Arduino yotchedwa ArTICL, imene imalankhula chilankhulo cha TI. Ngakhale mutafuna kulemba yanu, iwerengeni kaye muone mmene amadikirira waya ndi mmene amatulukira ikadutsa nthawi.

Wamawaya: Ndabweranso patatha masiku asanu. Mbali ya waya yatheka! Ndinalemba ndekha nditawerenga ArTICL. Nditatumiza nambala yosungidwa mu A kuchokera pa TI-83 Plus ndinaona mabaiti akutsika pa sikirini ya kompyuta, anayi oyamba aja ndendende mmene akulu ananenera. Ndinakhala kaye chete ndikungowayang'ana. Koma poyamba zinkakanika chifukwa cha pulagi: ndinagwiritsa ntchito ya 2.5 mm wamba, ndipo pulasitiki yake yonenepa inkagunda thupi la kakyuleta isanalowe yonse. Inkatsala pang'ono ngati chikhadabo, koma kamkombero ka pakati sikankakhudza. Nditaisenga ndi mpeni inalowa mpaka kumveka kuti thi.

Tsopano vuto lasamukira ku wailesi. nRF24 imatumiza kawiri katatu kenako lamulo lotumizira, write, limangobweza false, kutanthauza kuti zalephera. Ndikagwira mawaya ake ndi chala nthawi zina imayambanso.

Kapasita: Imeneyo ndi njala ya magetsi, ndikuidziwa bwino. Phini ya 3.3 V ya pa Nano ndi yofooka, ndipo wailesi ikamayamba kutumiza imakoka mwadzidzidzi, magetsi n'kugwa kwa kanthawi kochepa koti mita singaone. Wotchererani kapasita ya 10 µF pa VCC ndi GND pa kawailesi penipenipo, miyendo yake ikhale yaifupi, ndipo onetsetsani mwendo wa minus. Ngati muli ndi mtundu uja wa eriyo yomangirira, wa PA ndi LNA, umenewo umadya kupitirira 100 mA, upatseni regulator yakeyake ya 3.3 V. Musaupatse 5 V pa VCC, malire ake ndi 3.6 V, ngakhale maphini ake a SPI amapirira 5 V. Mawaya a SPI nawo afupikitseni. Zoti chala chikuthandiza zikusonyeza kuti penapake pali waya wautali kapena wosagwira bwino, makamaka CE kapena CSN.

Wamawaya: Kapasita ija yathetsa nkhani, ndipo waya wa CE unalidi wogwedera. A wadutsa popanda chingwe kuchoka pa tebulo kufika pa windo! Pic1 nayo yadutsa. Koma pali chodabwitsa china. Ndandanda ya manambala 112 ikudutsa bwinobwino nthawi zonse. Ndikangowonjezera imodzi kuti akhale 113, Error in Xmit, ndipo nthawi zina Arduino imazima n'kudzukanso yokha. Ndabwereza kakhumi, malire ake ndi omwewo.

MkuluZ80: Musandiuze, ndilote. Malo amene mukusungira paketi munawapatsa mabaiti 1,024.

Wamawaya: Eya akulu! Mwadziwa bwanji?

MkuluZ80: Manambala anu ndi amene anena. Pa makakyuleta amenewa nambala iliyonse imatenga mabaiti 9, ndipo ndandanda imayamba ndi mabaiti 2 onena kuchuluka kwa manambala. Onjezani 4 a kumutu kwa paketi ndi 2 a checksum. Manambala 112 akupereka 1,016, akukwana. Manambala 113 akupereka 1,025, yapyola ndi baiti imodzi, ndipo baiti imeneyo ikukalemba pa malo a chinthu china mu RAM.

Musathamangire kukulitsa malowo. ATmega328P ya mu Nano ili ndi RAM ya mabaiti 2,048 basi, pomwe ndandanda ya TI imafika manambala 999, amene ndi mabaiti 8,993. Simudzakwanitsa kusunga paketi yonse. Ndipo simukufunika kutero.

Apa mpamene chilankhulo chija chinakusautsani poyamba chikusanduka bwenzi lanu. Pa waya umenewu palibe wotchi. Kakyuleta sithamanga pa liwiro loikika, imayenda monga mmene wolandira akuyankhira. Ndiye landirani mabaiti 31, kenako musayankhe biti yotsatira. Kakyuleta ikhala itagwira waya wake pansi, ikudikira. Inu tumizani mabaitiwo pa wailesi, dikirani kuti mnzanu anene kuti wawapereka, ndiye muyankhe biti ija ndi kupitiriza. Malinga kudikirako sikukuyandikira masekondi 2, kakyuleta siidziwa n'komwe kuti pachitika kanthu. Wailesi ngakhale itabwereza maulendo onse 15 pa mpata wautali kwambiri wa mamilisekondi 4, ndi mamilisekondi 60 okha. Mpata ulipo wambiri.

Nyenyezi84: Bwanji 31 pomwe nRF24 imanyamula 32? Ndikufunsira ena amene akutsatira.

MkuluZ80: Baiti imodziyo ikhale nambala ya kapaketi: 0, 1, 2, mpaka 255 n'kuyambiranso. Zimachitika kuti kapaketi kafika bwinobwino koma yankho lake ndi limene latayika m'njira. Wotumiza amaona ngati zalephera, pulogalamu yanu n'kutumizanso. Popanda nambala, wolandira apereka mabaiti omwewo kawiri kwa kakyuleta, checksum n'kusokonekera. Ndi nambala, akaona kuti iyi ndailandira kale, amangoitaya.

China: musadikire kuti 31 akwane nthawi zonse. Paketi ya 0x56 ndi mabaiti 4 okha, mukadikira ena mudikira mpaka kakyuleta itataya mtima. Waya ukangokhala chete kwa mamilisekondi ochepa, tumizani zimene muli nazo. Yatsani dynamic payloads kuti wolandira adziwe kuti abwera angati.

Fx_Mnyamata: Nanga onse awiri akafuna kulankhula nthawi imodzi? nRF24 singamve ikamatumiza.

Kapasita: Potumiza mapulogalamu ndi ndandanda sizivuta kwenikweni, chifukwa makakyuletawo amalankhula mosinthana, wina akanena mnzake amayankha. Mawailesi onse azikhala pomvetsera, amene kakyuleta yake yayamba kukoka waya ndi amene asinthe n'kutumiza, akamaliza abwerere pomvetsera msanga. Pa masewera a achimwene mpamene pangavute, makamaka ngati alembedwa mu assembly n'kumagwira okha mawaya kudzera pa port 0 m'njira yawoyawo. Oterowo satsata chilankhulo cha TI, ndiye kabokosika sikawamva. Koma a TI-BASIC ogwiritsa ntchito GetCalc, lamulo lotengera nambala ku kakyuleta inzake, amadutsa m'chilankhulo chomwechi.

Wamawaya: Anga ndi a TI-BASIC, ndiye ndapuma. Ndalembanso monga mwanenera: 31 ndi nambala imodzi, kudikira pa biti, kutumiza zotsala waya ukakhala chete. Ndandanda ya 113 yadutsa. Ndayesa ya 999, yadutsanso, ndipo ndinayerekeza sum(L1) mbali zonse, yankho ndi limodzi. RAM yatsala yambiri moti ndaikamo kanyali kophethira paketi ikamadutsa. Chimene chatsala ndi mtunda. M'chipinda chimodzi zonse zili bwino, koma ndikapita kuseri kwa khoma kanyali kamayamba kudodoma, kenako Error in Xmit.

Kapasita: Tsitsani liwiro la wailesi kufika 250 kbps. Pamenepo imamva bwino kwambiri kusiyana ndi pa 1 kapena 2 Mbps, ndipo simutaya kanthu chifukwa chingwe cha kakyuleta n'chochedwa kale kuposa pamenepo. Mukatero mpata wobwerezera usachepere 500 µs. Kenako yang'anani tchanelo. Nambala ya tchanelo mumaiphatikiza ndi 2400 kuti mupeze MHz, ndiye 76 imene laibulale ya RF24 imayambira ndi 2476 MHz. Ngati Wi-Fi yanu ili pafupi pamenepo, sunthani. Kawailesika kamalola mpaka 125, koma musatengeke nazo: gawo la 2.4 GHz lololedwa kwa aliyense limathera pa 2483.5 MHz, ndiye musapyole 83. Komanso eriyo yojambulidwa pa bolodi ija isagone pa batire kapena pa mawaya, itulukire kunja kwa zonse.

Nyenyezi84: Ndipo kwa amene akufuna kutsatira ntchitoyi, yang'anani kaye kakyuleta yanu. TI-84 Plus CE ya 2015 ilibe bowo la 2.5 mm, ili ndi USB yokha, ndiye zonse takambiranazi sizikuikhudza. TI-83 Plus ya 1999 ndi TI-84 Plus ya 2004 ndi zimene zili nalo.

Wamawaya: Eriyo inalidi itagona pa batire, ndinaimangira pamodzi ndi tepi kuti zisamagwedere. Ndaitulutsa, ndatsitsa liwiro kufika 250 kbps, tchanelo ndaika 80. Tsopano Pic1 ikudutsa khoma limodzi popanda kudodoma, pa makoma awiri imatheka nthawi zina. GetCalc ndaiyesa usiku uno, yagwira, koma ndaona kuti imayankhidwa pokhapokha kakyuleta inayo ikakhala pa Pause kapena pa sikirini yoyamba, ikakhala pakati pa Repeat siyankha. Ndi chingwe chenicheni zikuchitanso chimodzimodzi, ndiye si wailesi. Mawa ndikonza masewerawo kuti wodikira aziima pa Pause. Amayi aphunzitsi, sindinaiwale za kutumiza kwa ambiri. Akulu, ngati kabokosi kalikonse kayenera kusunga ndandanda yonse ya mabaiti 8,993, kodi ndisamukire ku ESP32 ndi kusintha magetsi a maphini, kapena ndingowonjezera kachipu ka RAM pa SPI ya Nano yomweyi?